Makodi ndinkawadziwa, koma anthu sankavina

Gitala yanga ndinaigula kwa mnyamata wina wa ku Ndirande amene ankafuna ndalama ya thiransipoti yopitira ku Joni. Inali ya bokosi, yosalumikiza ku magetsi, nsambo zake zadzimbiri, kumbuyo kwake atamatako sitika ya timu ya mpira. Apo n'kuti ndili ndi zaka 34, ndipo zonse zimene ndinkadziwa anali makodi (magwiridwe a zala pa nsambo) anayi amene ndinaphunzira ndili m'kwaya ya achinyamata: G, C, D ndi Em. Ndi anayi amenewa munthu umatha kuperekeza nyimbo zambirimbiri za kutchalitchi, ndiye ine ndinkadziona ngati ndafikapo.

Manyazi anandigwira pa chinkhoswe cha msuweni wanga. Magetsi anazima dzuwa litangolowa, zokuzira mawu zonse zii, wina n'kukumbukira kuti pagulupo pali mwini gitala. "Alamu, tatiimbireni ka reggae." Ndinakhala pampando n'kuyamba. Mawu a nyimbo anthu ankawadziwa, makodi sindinaphonye ngakhale imodzi, koma palibe anadzuka. Awatu ndi anthu a mu Blantyre, oti akangomva Black Missionaries ya ku Chileka miyendo imayamba yokha, koma tsikulo anangokhala n'kumaimba motsatira, manja ali pamiyendo ngati pa mwambo wa mapemphero. Nditamaliza, bambo wina wachikulire, wa imvi m'ndevu, anadzandigwira paphewa.

"Mphwanga, zala zako zili bwinobwino. Koma waimbayi si reggae, ndi kwaya."

Madala amenewa ali mnyamata ankaimba m'mabandi a m'mahotela, kusangalatsa alendo, ndipo kumeneko woimba sasankha chamba (cha nyimbo ndikunena, osati china chija). Mlendo akati calypso, umaimba calypso. Anandiuza kuti ndizipita kwawo Loweruka lililonse masana. Malipiro ake anali paketi ya shuga mwa apo ndi apo.

Loweruka loyamba sanandilole n'komwe kugwira kodi. Anati ndiyale zala za kumanzere pa nsambo mosakanikiza, kuti dzanja lamanja likamenya pazingomveka "tchaka", popanda nyimbo. Kenako anati ndizigunda phazi pansi, kuwerenga mpaka 4 n'kubwereza. Izi zinali zosavuta. Chimene chinandizunguza mutu ndi chotsatira: "Phazi likagunda pansi, gitala ikhale chete. Phazi likakwera m'mwamba, ndiye umenye." Ndinayesa, ndinalephera. Dzanja linkathamangira kukagwa pamodzi ndi phazi, monga linazolowera kwa zaka zonsezi. Ndikalikakamiza dzanja kuti lidikire, phazi nalo linkaima kudikira dzanja. Ana a pakhomopo ankaseka mobisa kuseri kwa chitseko.

Madala anandiyang'ana kwa kanthawi, n'kundifunsa ngati ndinakulira kumudzi. Ndinati eya, kwa agogo ku Thyolo. "Ndiye unaonapo amayi awiri akusinja mumtondo umodzi. Musi wa woyamba ukamatsika, wa wachiwiri uli kuti?" Ndinati uli m'mwamba. "Akatsitsa pamodzi chimachitika n'chiyani?" Misi imaombana, chimanga n'kutayika. "Basitu. Ng'oma ndi bezi ndiwo mayi woyamba. Iwe ndiwe musi wachiwiri. Chiyambire wakhala ukulimbirana mtondo ndi mayi woyamba."

Zonse zimene ndaphunzira m'zaka ziwiri zapitazi zakhazikika pa mawu amenewa. M'nyimbo zovina za ku zilumba za Caribbean, gitala yoperekeza kawirikawiri siikhala pomwe phazi likugunda. Imalowa m'mipata, ndipo mpata umene yasiya ndi umene umakoka chiuno cha wovina. Ine ndinkadzaza paliponse, kuyambira 1 mpaka 4, nsambo zonse zisanu ndi imodzi zikulira mosalekeza, ndiye wovina analibe poponda.

Tinayamba ndi ska, ngakhale ndi yothamanga, chifukwa kawerengedwe kake n'kosabisika. Ska inabadwira ku Kingston, ku Jamaica, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo pomwe dzikolo linkalandira ufulu mu 1962 n'kuti ili pakamwa pa aliyense. Mmodzi mwa oimba gitala amene anaiumba ndi Ernest Ranglin. Mukawerenga "1 ndi 2 ndi 3 ndi 4 ndi", gitala imalira pa "ndi" aliyense, ndipo ambiri amamenya chokweza, kuchokera ku nsambo yaing'ono ya pansi kupita m'mwamba. Chimathandiza n'choti dzanja ndi phazi zimakwera limodzi. Phazi pansi, dzanja pansi koma osakhudza nsambo. Phazi m'mwamba, dzanja m'mwamba, tchaka. Nditazindikira zimenezi ndinasiya kulimbana ndi thupi langa. Ndinatha milungu iwiri ndikuchita zokhazi, mphindi 15 m'mawa ndisanapite kuntchito, popanda kodi ngakhale imodzi. Mayi a kunyumba anandifunsa ngati gitalayo yawonongeka.

Kenako panabwera nkhani ya dzanja lamanzere, yomwe kwa ine ndiyo inali yaikulu kuposa zonse, ndipo ndi imene mavidiyo ambiri amene ndinaonera pa YouTube ankangoidutsa mothamanga. Kulira kwa gitala ya ska ndi reggae n'kwakufupi kwambiri, ngati mpeni ukagwa pa thabwa. Chimene chimadula kulirako si dzanja lomenya ayi, koma lija logwira kodi. Umakanikiza nsambo pa nthawi yokhayo imene ukumenya, kenako n'kufewetsa zala pomwepo, osazichotsa pa nsambo, kungosiya kukanikiza. Kulira kumafa nthawi yomweyo. Finya, tayirira, finya, tayirira, ngati ukukama ng'ombe.

Apa m'pamene makodi anga a kwaya anandigwiritsa fuwa la moto. G, C ndi Em amene timayamba nawo tonse ali ndi nsambo zina zimene sizigwidwa ndi chala chilichonse. Ukafewetsa zala, nsambo zosagwidwazo zimapitirizabe kulira, ndipo m'malo mwa "tchaka" umamva "tchaaang". Mankhwala ake ndi makodi amene nsambo iliyonse yomenyedwa ili pansi pa chala. Ambiri amakuuza kuti uphunzire ma barre, oyala chala cholozera pa nsambo zonse, ndipo n'zoona kuti tsiku lina udzawafuna. Koma kwa woyamba kumene, pa gitala yotchipa, barre ndi chilango. Madala anandionetsa njira yachidule: nsambo zitatu zing'onozing'ono za pansi zokha.

Nayi mmene ilili, kwa amene ali ndi gitala pafupi. Yalani chala cholozera pa fret 5 (ma fret ndi tizitsulo topingasa pa khosi la gitala, werengani kuchokera kumutu), chigwire nsambo zitatu zopyapyalazo. Imeneyo ndi Am yathunthu. Pa Dm, nsambo yoyamba, yopyapyala kwambiri ija, ikhale pa fret 5, yachiwiri pa 6, yachitatu pa 7, zala zikhale ngati masitepe. Mukasuntha chala cha pa nsambo yachiwiri kuchoka pa 6 kupita pa 7, mwapeza D. Pa G, nsambo yoyamba ndi yachiwiri zikhale pa fret 3, yachitatu pa 4. Nsambo zikuluzikulu zitatu za m'mwamba musazimenye. "Zimenezo n'za mwini bezi," ankatero madala, "usamadye ndiwo za mnzako." Ndi Am ndi G zokha, kapena Am ndi Dm, mutha kuimba kwa theka la ola anthu osatopa, chifukwa nyimbo zambiri za reggae zimazungulira pa makodi awiri kapena atatu basi.

Za gitala yeniyeniyo ndinene pang'ono. Yanga nsambo zake zinali patali kwambiri ndi thabwa lake, moti kufinya ndi kutayirira kwa mphindi zisanu kunkandisiya ndi dzanja lowawa mpaka m'chigongono. Ndinkaganiza kuti vuto ndi kufooka kwa zala zanga. Madala anachotsa kafupa koyera kamene nsambo zimatsamira kumimba kwa gitala, anakakhutiza kunsi kwake pa sandipepala pang'onopang'ono, n'kukabwezera. Tinaikanso nsambo zopyapyala. Inasanduka gitala ina. Ngati simunachitepo, musakhutize nokha, chifukwa mukapyola muyeso nsambo zimayamba kukhudza ma fret n'kumalira ngati ntchentche. Matuza a kunsonga kwa zala okha ndiye alibe mankhwala, amatha okha khungu likalimba. Ndipo nyengo ya mvula muzipukuta nsambo ndi kansalu kouma mukamaliza kuimba, apo ayi dzimbiri silichedwa.

Reggae inandivuta kuposa ska, zomwe sindinkayembekezera. Ndinkati poti ndi yodekha ikhala yophweka. Ku Jamaica komweko nyimbo zinayenda choncho: cha mu 1966 ska inazizira n'kukhala rocksteady, momwe gitala ya Lynn Taitt, yemwe kwawo kunali ku Trinidad, inamveka m'nyimbo zochuluka, ndipo pofika 1968 kunabwera reggae. Liwiro likatsika mipata imakula, ndipo mpata waukulu umaopsa munthu woyamba. Umaona ngati pakufunika kuikapo kanthu. Mu reggae, mukawerenga mpaka 4, gitala imagwa pa 2 ndi pa 4, kawirikawiri chotsitsa. Pa 1 ndi pa 3 simukhudza. Ndiye pali kamenyedwe ka ng'oma kotchedwa one drop, komwe ng'oma yaikulu ya phazi imagunda pa 3 pokha, pa 1 n'kusiyapo mbee. Tangoganizani: malo amene tonse tinaphunzira kuti ndi poyambira nyimbo, pamene wotsogolera kwaya amatsitsira dzanja, woimba ng'oma sapondapo, inunso simupondapo. Koyamba ndinkamva ngati ndikutsika masitepe mumdima n'kupeza sitepe imodzi palibe.

Vuto langa linali kutembenuka. Ndinkayamba bwino pa 2 ndi 4, koma pakapita kanthawi, makamaka ndikangotsegula pakamwa kuti ndiimbe mawu, ndinkapezeka ndili pa 1 ndi 3 osadziwa kuti ndafikapo bwanji. Choipa kwambiri n'choti ukakhala wekha sumva kuti watembenuka, zonse zimamveka bwinobwino. Chinandithandiza ndi foni. Ndinaikamo metronome yaulere, kapulogalamu kogunda biti mosasinthasintha, n'kuitchera kuti izigunda ka 70 pa mphindi, ndipo ndinkadzijambula mawu ndi foni ya mayi a kunyumba kwa mphindi ziwiri. Pomvetsera ndinkachita kudziwa malo enieni amene ndagwera: nthawi zonse posintha kodi. Chala chikachedwa pang'ono kufika pa Dm, dzanja lamanja linkachidikira, biti n'kundisiya. Madala anati dzanja lamanja lisamadikire munthu. Kodi ikachedwa, menya nsambo zakufa, "tchaka" yopanda nyimbo, bola igwe pa nthawi yake. Wovina sadandaula ndi kodi yosamveka bwino, koma biti ikasowa amaima n'kukuyang'ana.

Kuimba mawu uku ukumenya kunanditengera miyezi ina itatu. Ndinayamba ndi kung'ung'udza chabe, kenako kuwerenga manambala mokweza, kenako kulankhula zilizonse, ngakhale kuitana mwana kuti abweretse madzi, dzanja osaima. Mawu a nyimbo anabwera pamapeto.

Calypso ndiye inandisangalatsa kuyambira tsiku loyamba. Kwawo ndi ku Trinidad, dziko la Carnival imene imachitika Lolemba ndi Lachiwiri lisanafike Lachitatu la Phulusa, komwenso anatulukira zoimbira za steelpan zosulidwa kuchokera ku migolo ya mafuta. Apa gitala siidula mawu ngati mu reggae, imayenda mosalekeza, ndipo makodi anga a kwaya anabwereranso pa ntchito. Kamenyedwe kamene ophunzira ambiri amayamba nako ndi aka: pansi, pansi-m'mwamba, m'mwamba-pansi-m'mwamba. Ndinakaloweza ngati ndakatulo koma sikankamveka ngati kanthu, mpaka madala atandipatsa mawu oti ndizinena: "Usipa, usipa, nsima."

Ndinaseka, koma taonani mmene mawuwa akhalira. U-si-pa, u-si-pa, nsi-ma: zitatu, zitatu, ziwiri, zonse pamodzi zisanu ndi zitatu. Dzanja lamanja limatsika ndi kukwera mosalekeza, kutsika pa "u" woyamba, kukwera pa "si", kutsika pa "pa", choncho mpaka pa "ma". Chinsinsi chake n'choti pa "si" aliyense dzanja limadutsa m'malere, osakhudza nsambo. Silimaima, limangophonya dala. Ndiye mphamvu umaika pa "u", pa "u" wachiwiri, ndi pa "nsi". "U" wachiwiriyo amagwa dzanja likukwera, pakati pa kugunda kuwiri kwa phazi, ndipo pamenepo m'pamene phewa limagwedezeka lokha. Yesani pa C, F ndi G7, pang'onopang'ono, mukunena mawuwo mokweza. Anthu a nyumba yoyandikana nafe anafika pofunsa ngati kwathu ndiwo zasowa.

Kagawidwe ka zitatu, zitatu, ziwiri kameneka, komwe ku Cuba amakatcha tresillo, ndinadzazindikira kuti kali paliponse. Kali mu calypso, kali mu soca imene Lord Shorty anayambitsa ku Trinidad m'zaka za m'ma 1970 ndipo imathamanga kwambiri, kali mu dancehall imene anyamata amaika m'maminibasi. Mu son ya ku Cuba ndi theka loyamba la clave, kugunda kusanu kwa timitengo tiwiri komwe gulu lonse limatsatira: katatu pa "usipa, usipa, nsima", kenako kawiri pa 2 ndi pa 3 m'chigawo chotsatira. Tsiku limene madala anandiombera clave m'manja ndinati, koma izi ndi rumba ya ku Congo. Anagwedeza mutu kuvomera. Zimbale za nyimbo za ku Cuba zinafika ku Léopoldville, komwe lero ndi Kinshasa, ndi ku Brazzaville m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940, oimba a kumeneko n'kuzitenga kukhala zawo. Ndipo ku Cuba nako kamenyedwe kameneka kanapita ndi anthu a ku Africa amene anatengedwa ukapolo, ambiri a iwo ochokera ku Congo komweko. Ndiye khutu langa linkaidziwa kale biti imeneyi kuchokera pa wailesi ya agogo, dzanja lokha ndi limene linali mlendo.

Apa ndinenepo maganizo anga, ena atsutse. Ife amene tinaphunzira gitala kutchalitchi kapena pa intaneti timataya nthawi yambiri kusonkhanitsa makodi, ngati kuchuluka kwa makodi ndiko kudziwa kuimba. Ine ndinali ndi kope lodzaza ndi zithunzi za makodi a maina ovuta, oti mpaka lero sindinawagwiritsepo ntchito. Chikhala kuti ndikuyambanso, ndikanatenga makodi awiri okha n'kukhala nawo miyezi itatu, nthawi yotsalayo ndikumvetsera. Pomvetserapo osatsatira woimba mawu, koma kusakasaka gitala kuseri kwa zoimbira zina, kuomba m'manja pomwe iyo ikugwa, mpaka nyimbo ithe osatembenuka. Izi mutha kuchita muli m'minibasi, chala chikugunda pa bondo. Sizidya bandulo ngati mavidiyo.

Ndipo muzivina. Madala ankandiimiritsa, gitala ili pakhosi pa chingwe cha chikwama chakale, kuti ndiziponda uku ndi uku ndikumenya. Ndinkachita manyazi, bambo wa ana awiri kumadzigwedeza pakhonde la eni masana dzuwa likuswa mtengo. Koma ndikakhala pampando nditauma ngati chitsa, biti inkathawa. Ndikaimirira n'kumasuntha thupi, inkakhazikika yokha.

Bachata ya ku Dominican Republic ndiye yandikanika mpaka pano, ndisaname. Ndinaipeza ndekha pa YouTube. Kumeneko magitala amakhala awiri, requinto yotsogolera ndi segunda yoperekeza, pamodzi ndi bezi, bongo ndi güira, chitsulo chokhala ngati chokwechesera chimene amachikanda ndi burashi ya mawaya. Ovina amaponda katatu, kachinayi n'kungokhudza pansi ndi kunyamula chiuno. Gitala yake simenya nsambo zonse pamodzi, umatola imodziimodzi mwachangu, iliyonse yodukaduka. Zala zanga zimakolana. Nditawaonetsa madala anamvetsera kawiri, n'kunena kuti imeneyo m'mahotela mwawo sinkafika, ndithane nayo ndekha.

Mwezi wathawu kunali phwando la tsiku lobadwa la mwana wa mlamu wanga, yemwe uja anandipempha ka reggae pa chinkhoswe. Magetsi analipo, koma ndinapita nayo gitala, ndipo chakumadzulo ndinakhala pakona n'kuyamba Am ndi G motsitsa, osaimba mawu, osauza munthu. Mnyamata wina anatenga chidebe chopanda kanthu n'kumagunda pa 3. Woyamba kudzuka anali apongozi aakazi a mlamu wangayo, mayi a zaka za m'ma 60, mbale ya mpunga ili m'manja. Sanandiyang'ane n'komwe. Anangoyamba kuponda akupita kukhitchini, pofika pakhomo n'kubwerera, mbale ikadali m'manja, ana n'kuwatsatira pambuyo. Ndinatembenukapo kamodzi posintha kodi, ndinamenya nsambo zakufa kawiri n'kubwerera pa 2 ndi 4, ndipo palibe anaima.

Nditawafotokozera madala Loweruka lotsatira, anangofunsa kuti tinaimba mphindi zingati. Ndinati mwina khumi. Anati m'hotela seti imodzi inkatha mphindi 45, ndiye nditenge gitala, tiyambe, ndipo shuga wa mwezi uno sanamuone.